Chipewa Chachikasu

Amene analakwira mwana wanga wamkazi ndi dokotala wamkulu wa chipinda cha makanda pachipatala chachikulu cha m'tauni mwathu. Anamulakwira chaka chimene ine ndinasiya ntchito kumakina ocheka matabwa, ndipo anadzamulakwiranso mdzukulu wanga atayamba kuyenda. Sindikunena kuti ndiye anagwira jekeseni. Anthu a udindo wotere sagwira jekeseni. Ndikunena kuti ankadziwa chimene chinachitikira mwanayo m'chipinda chakecho, ndipo atafunsidwa pamaso pa anthu oyenera kumva, analankhula zina.

Ine khutu lakumanzere linafa kalekale. Ndinaima pambali pa sowo yaikulu kuyambira ndilibe ndevu mpaka imvi, ndipo onse amene tinkagwira limodzi tinatulukako ndi khutu limodzi, ena ndi zala zosakwana. Ndinabadwa ndikumva bwinobwino. Bambo anga ankamva khoswe akuyenda padenga la nyumba ya eni.

Mwana wangayo ndi chitsirizira, ndipo mayi ake anatisiya iye asanakwatiwe. Anakwatiwa ndi mnyamata woyendetsa lole, mwana mmodzi yekha wa mayi wina wogulitsa nsalu. Mkamwiniyo si munthu woipa. Ali ngati chitseko chopanda loko, chimapita kumene mphepo yachikankhira, ndipo mphepo ya m'nyumba imeneyo ndi mayi ake. Mimba itangooneka, asewere angawo anagula ulusi wachikasu n'kuyamba kuluka chipewa cha mwana. Ankaluka atakhala pakhomo pa sitolo yawo, akuonetsa aliyense wodutsa. Analuka cha mwana wa mutu waukulu, ngati a kwawo.

Mwana anabwera masiku asanakwane, m'nyengo yozizira. Kanali kamtsikana. Nditakaona koyamba ndinati, aka ndi kadontho chabe, ndipo dzinalo linakakamira mpaka lero.

Amuna sitinkaloledwa kulowa m'chipinda cha makanda. M'khonde munali windo lagalasi, ndipo ine ndikabweretsa chakudya ndinkaima pamenepo. Chipindacho chinali chachitali, chotentha moti galasi linkatuluka thukuta. Timabedi ta nyale zotenthetsa tinali tochepa, ndiye ankagoneka ana awiri pa kabedi kamodzi, nthawi zina atatu, mopingasa. Onse anali okulungidwa mpaka m'khosi, kunja kungotsala kankhope ndi kadzanja kamene anabayapo kapaipi ka mankhwala. Amayi ankakhala pa benchi kukhoma, aliyense akudzikama mkaka m'kapu. Namwino ankakhala mmodzi kapena awiri pa ana onsewo, akuthamanga ngati munthu amene nyumba yake ikudontha malo ambiri.

Anawo anali asanapatsidwe mayina. Tizibangili ta pulasitiki tolembapo dzina la mayi tinali titatha, ndipo ngakhale pamene tinalipo tinkavuka pa timanja totero. Choncho anamwino anadzipezera njira yawo. Ankawadziwa ana ndi zipewa. Namwino ankakhala patebulo pafupi ndi khomo, n'kukoka mankhwala a mwana aliyense m'sirinji yake, n'kumatapo pulasitala yolembedwa mtundu wa chipewa. Akatha ankanyamula thireyi n'kuyamba kuzungulira. Wachikasu. Wobiriwira. Wamizeremizere. Amayi ankamva mayinawo n'kumaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za anamwino. Palibe amene anawauza kuti chipewacho ndiye dzina la mwana, ndipo mankhwala akutsata chipewa.

Kadontho ankagona kabedi kamodzi ndi kamnyamata kobadwa pa nthawi yake, kamene kanadwala mchombo. Kulemera kwake kunali pafupifupi kawiri kwa Kadontho. Mayi ake anali munthu wonenepa, wokonda kuseka, ndipo pabenchi paja ankawatcha amake Chimphona. Ana awiriwa ankalandira mankhwala amodzi, koma mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana. Zimenezi ndinadzazidziwa pambuyo pake, monganso zonse zimene ndikunena za m'kati mwa chipindacho.

Chipewa chachikasu chija chinkamugwera Kadontho m'maso mpaka pamphuno. Chimphona anali atamuveka kachipewa kobiriwira ka m'bokosi la chipatala, kamene kankangovuka.

"Achemwali, taonani mwana wanuyo," anatero amake Chimphona tsiku lina. "Chipewacho wavala kapena akugonamo?"

"Analuka apongozi."

"Apongozi anuwo ankadikira mwana kapena dzungu?"

"Nanga wanuyo? Kangokhala pamwamba ngati chotsekera botolo."

"Ndiye tisinthane. Chanucho chimukwana bwanayu, kangaka kamukwana mayiyo. Tsiku lobwera apongozi mudzanditsine, tidzabweza."

Anasinthana, ndipo zipewa zinakwana ana onse awiri. Sabata imeneyo anamwino amene ankawadziwa anawo ndi nkhope anali atawatumiza ku wodi ina, m'malo mwawo mutabwera ena pamodzi ndi ophunzira. Atsopanowo anapeza njira ya zipewa ilipo kale n'kuitsata. Kadontho anayamba kulandira mankhwala a Chimphona, Chimphona a Kadontho.

Sikelo inali imodzi, yobwerekana ndi chipinda chochilira, ndipo inkabwera ikapezeka. Tsiku limene inabwera ine ndinali pawindo. Namwino anavundukula mwana wa chipewa chobiriwira n'kumuika pasikelo. Anayang'ana, anamuchotsa, anagwedeza sikeloyo, anamuikanso. Kenako anaika wachikasu. Anaima pamenepo manja ali m'chiuno, n'kupita kukaitana asisitala, mkulu wa anamwino onse m'chipindamo, mayi wamfupi wa imvi m'mbali. Asisitalawo anafunsa mawu pabenchi, ndipo ndinaona mwana wanga akuimirira, kapu ya mkaka ili m'manja. Posakhalitsa anthu a majasi oyera anali atazungulira kabedi kaja. Dokotala wamkulu anabwera pomaliza. Anawerenga mafayilo nthawi yaitali, analankhula ndi asisitala m'chilankhulo chawo cha kusukulu, kenako anawerama pa Kadontho.

Mwana wanga atatuluka kudzatenga chakudya ndinamufunsa kuti kwagwanji.

"Palibe, bambo. Akungoyeza."

Jekeseni anazisiya tsiku lomwelo. Zipewa zonse ziwiri asisitala anazitenga, ndipo sizinabwerenso. Mwana wanga anauza apongozi ake kuti chachikasu chinasowa pochapa. Chimphona anatsala m'chipatala malungo atamubwerera, ndipo za iye sindidziwa zambiri. Kadontho anatuluka ali ndi masaya. Potuluka palibe amene anaitana mayi ake pambali kumuuza kanthu. Anangomuuza masiku a katemera.

Tinazindikira kuti Kadontho sakumva atayamba kukwawa. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo, ana ena ankadzidzimuka, iye osatembenuka. Tsiku lina ndinapita kukawaona, ndinaima kumbuyo kwake n'kumenya ndowa ndi chitsulo. Galu wa oyandikana nawo anathawa. Kadontho anapitiriza kuseweretsa chala chake cha kuphazi.

Asewere anga sanachedwe kupeza chifukwa.

"Kwathu kulibe zimenezi," anatero, ine ndili pomwepo. "Kwathu mwana amamva usanamuitane. Koma onani agogo akewa. Ukawalankhula amapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba."

"Asewere, khutu langali ndi la makina."

"Makina ndiwo amalowa m'mimba mwa munthu? Magazi sanama, bambo. Ife tinangoona nkhope ya mtsikana, osafunsa za kumtundu."

Ankanena pa sitolo, ankanena kutchalitchi, ankanena kwa mwana wawo akabwera ku ulendo atatopa. Ankati mkazi ameneyu akabereka wina adzakhalanso chimodzimodzi, ndipo iwo ali ndi mwana mmodzi yekha, sangaike mbewu yonse m'munda wa miyala. Mapeto ake mwana wanga anabwera kwathu ndi Kadontho kumbuyo ndi kachikwama kamodzi. Anati apongozi akuti akapume kaye.

Ndine amene ndinawaperekeza kukayezetsa makutu, kuchipatala china chakutali. Mayi woyezayo anaika timapaipi m'makutu mwa mwana ali mtulo, n'kumayang'ana makina ake. Anati makutu onse awiri anafa m'kati. Kenako anafunsa ngati mwanayo analandirapo jekeseni ali wakhanda, ndipo anatchula dzina la mankhwala. Mwana wanga anavomera ndi mutu.

"Mankhwala amenewo apulumutsa ana ambiri," anatero mayiyo. "Koma akachuluka amatha kuotcha khutu m'kati. Ine kunalibe, sindinganene zambiri. Kafunseni kumene anagonekedwa."

Podikira basi mwana wanga anandiuza zonse, za zipewa, za sikelo, za mawu amene asisitala anamufunsa pabenchi paja, akuti ndani anakuuzani kuti musinthe. Anatinso dokotala atawerama pa Kadontho anamugwira kaphazi n'kunena motsitsa kuti pepa, mwana.

"Ndiye unakhala nazo chete nthawi yonseyi?"

"Ndinamupha makutu ndine, bambo. Ndinasintha ndine."

"Iwe unapita kusukulu ya mankhwala? Anakuuza kuti chipewa ndi dzina?"

"Ayi."

"Ndiye wapha chiyani? Munthu akasiya mpeni pamphasa, mwana n'kudzicheka, timakwapula mphasa?"

"Apongozi akamva kuti chipewa chawo ndinapatsa mwana wa eni, ndiye kwatha."

"Kwatha kale. Uli kwa ine iwe."

Mkamwini ankabwerabe masiku amenewo. Ankaimika lole kumsewu, n'kubwera ndi shuga ndi sopo, n'kukhala panja akusewera ndi Kadontho. Mwanayo ankakonda kuika dzanja pakhosi pa bambo ake akamalankhula, kuti amve kunjenjemera kwake. Ndinamuuza mkamwiniyo zimene ananena mayi woyeza makutu, koma za zipewa sindinatchule. Ndinangoti kuchipatala anasokoneza mankhwala.

"Ine ndikumva, bambo," anatero. "Koma amayi sangamve kwa inu, kapena kwa ine. Amayi amamvera munthu wa jasi loyera. Adokotala atanena okha kuti ndi mankhwala, ine tsiku lomwelo ndidzabwera kudzatenga banja langa."

"Ndipo akapanda kunena?"

Anayang'ana makiyi a lole m'manja mwake.

Umo ndi mmene ndinayambira kuyenda kuchipatala. Sindinkafuna kuti wina achotsedwe ntchito, kapena kuti andipatse kanthu. Ndinkafuna mawu ochepa, onenedwa pamaso pa asewere anga, kuti mwana wanga abwerere kunyumba kwake. Pageti ananditumiza ku ofesi ya madandaulo. Ku ofesi ya madandaulo kunali kotseka. Tsiku lina kunali kotsegula, koma mwini wake anali kumaliro. Atabwera anandipatsa mpando n'kundiuza kuti nkhani za makanda zili m'manja mwa adokotala aakulu, ndipo adokotala aakulu ali kumsonkhano. Amati mlandu suwola. Suwoladi, koma umauma, ndipo anthu a m'maofesi amadziwa kuuyanika.

Poti ndinali ndi nthawi, ndinkapita kukaima pawindo langa lija. Chipinda chinali chitasintha. Timabedi tinali titawonjezeka, ndipo pamene ana anagona awiri panali thabwa pakati. Mwana aliyense anali ndi kachibangili kumwendo uku ndi uku. Sikelo inali yawoyawo, yomangidwa ndi tcheni kutebulo, ndipo ankayeza ana m'mawa uliwonse asanakoke mankhwala. Namwino wokoka mankhwala ankavala epuloni yofiira, ndipo akavala imeneyo palibe ankamulankhula, ngakhale dokotala. Pobaya ankapita awiri. Mmodzi ankawerenga kachibangili mokweza, wina n'kuyankha za pa sirinji, kenako ankafunsa mayi kuti mwanayu ndi wa ndani. Sirinji inkayenda imodzi, osati thireyi yodzaza. Zipewa zonse zinali zoyera, zofanana.

Asisitala aja anandipeza pawindopo tsiku lina. Anandizindikira.

"Agogo a mwana wamng'ono uja. Ali bwanji?"

"Akuyenda. Sakumva."

Anayang'ana m'chipinda, anayang'ana m'khonde ngati kukubwera munthu.

"Zonse mukuonazi zinayamba ndi iyeyo," anatero. "Tinakhala pansi sabata yomweyo. Adokotala anamenya nkhondo kuti sikelo ibwere. Chiyambireni sitinasokonezenso mwana."

"Ndiye mukudziwa."

"Ndikudziwa zimene ndinaona."

"Mukanene zimenezo kwa apongozi a mwana wanga. Banja likutha."

"Agogo, ine pakamwa panga ndi pa m'khonde. M'ofesi amalankhula ndi adokotala." Anakonza kolala ya yunifolomu yawo. "Koma ndiwauza. Si munthu wouma mtima. Ndiwapempha akuoneni nonse."

Anasungadi mawu awo. Anatipatsa tsiku, masana.

Asewere anga anabwera atavala ngati akupita kuukwati. Mkamwini anali pambuyo pawo atawanyamulira chikwama. Mwana wanga usiku wake sanadye. Ofesi ya dokotala inali yaing'ono, ya tebulo lodzaza mapepala, ndipo pakona panali kafiriji kolira. Kadontho atangotsika kumbuyo anapita kukagwira kafirijiko ndi manja onse awiri, n'kukhala pomwepo akumwetulira. Asisitala anakhala pafupi ndi khomo. Mpando umene unatsalira ine unali woti dokotala akhale kumanzere kwanga. Ndinafuna kusintha, koma asewere anali atakhazikika kale pa winawo, chikwama pamiyendo.

Dokotalayo anali munthu wowonda, wa maso otopa, waulemu. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, ndipo asewere anga anawatcha amayi, iwo n'kuwongola khosi.

"Choyamba ndikuthokozeni pobwera," anatero. "Timafuna makolo azitifunsa. Kale sitinkagwira ntchito bwino m'chipinda chija, sindibisa. Ana anali ambiri, manja ochepa." Anafotokoza za tizibangili, za sikelo, za epuloni yofiira, za anamwino awiri. Anati tsopano mlingo wa mwana aliyense amauwerengera anthu awiri payekhapayekha, ndipo akasiyana amaitana wachitatu. Anati zipatala zina zayamba kubwera kudzaonera. Ankalankhula ngati munthu wokonda ntchito yake, ndipo asewere anga ankavomera ndi mutu pa mawu alionse.

"Adokotala," ndinatero, "zonsezo ndaziona ndi maso, n'zabwino. Ine ndabwera ndi funso limodzi. Mwana uyu analandira mankhwala a mwana wina, kapena sanalandire?"

Anasuntha cholembera patebulo.

"Panali kusokonezeka kwa masiku ochepa. Amayi awiri anasinthanitsa zipewa za ana osatiuza. Titangozindikira tinachitapo kanthu."

"Zipewa ziti?" anafunsa asewere.

Mwana wanga anaweramitsa mutu.

"Chachikasu chija?" Anatembenukira kwa mwana wanga. "Iwe, si unati chinasowa pochapa?"

"Chinkamugwera m'maso, amayi."

"Ndinaluka ndi maso anga owawawa, iwe n'kukaveka mwana wa munthu wa mumsewu. Ndiye n'kubwera kudzandinamiza m'nyumba mwanga, ukudya zanga."

"Asewere, chipewa si mankhwala," ndinatero. "Mwana sagontha ndi ulusi. Adokotala, nenani za mankhwala. Mayi woyeza makutu akuti akachuluka amaotcha khutu. Anachuluka kapena sanachuluke?"

"Anapitirira mlingo wake, inde."

"Ndiye ndi amene anamugonthetsa."

"Agogo, ndikanena kuti ndikudziwa ndiye kuti ndanama. Mwana wobadwa masiku asanakwane akhoza kugontha pa zifukwa zambiri. Kuchepa kwakeko, matenda amene tinkamuchiza, nthawi zina za kumtundu. Mankhwala nawonso amatero. Koma palibe amene angaloze chala n'kunena kuti ndi ichi."

"Akanakhala mwana wanu, mukanaloza chiti?"

Dokotalayo anayang'ana asisitala. Asisitala ankayang'ana zikhadabo zawo. Dokotala anaweramira pa mapepala n'kunena mawu ena motsitsa, ndipo ine sindinawamve.

"Mwati bwanji?"

Asewere anaseka ndi mphuno. "Akufunsa ngati kumtundu kwanu kuli wina wosamva. Yankhani, bambo. Kapena ndibwereze mokweza?"

"Langali ndi la sowo. Adokotala, inu mukudziwa kuti phokoso limapha khutu. Auzeni."

"Limaphadi," anatero dokotala. "Koma sindinakuyezeni, agogo. Sindinganene za khutu limene sindinaliyeze."

Apo mwana wanga analankhula. Sanakweze mawu, ndipo sanayang'ane apongozi ake.

"Adokotala, tsiku la sikelo lija munamugwira mwanayu phazi. Munati pepa, mwana. Ndinakumvani. Munkapepesa chiyani?"

Dokotalayo anayang'ana Kadontho, amene anali atatsamiritsa tsaya pa kafiriji. Anamuyang'ana nthawi yaitali, moti ndinayesa kuti anena. Mkamwini naye anadzutsa mutu.

"Ndimapepesa kwa ana onse, mayi," anatero. "Jekeseni imawawa."

Kenako anayamba kunena za sukulu ya ana osamva, ndi za timakina tovala m'makutu, kuti mwina tingathandize pang'ono, ndipo iye akhoza kutilozera kwa munthu woyenera. Asewere anga anali ataimirira kale.

"Zikomo, adokotala, mwatitsegula maso. Ife tinabwera kudzamva za mankhwala, tamva za bodza." Anapatsa mwana wawo chikwama. "Tiye, iwe. Sitolo ili yokha."

Mkamwini anaima pakhomo pang'ono. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mwana.

"Sananene, bambo," anandiuza. "Mwamva nokha."

"Ananena kuti anapitirira mlingo."

"Koma sananene."

Mayi ake anamuitana ali m'khonde, ndipo anapita.

Asisitala anatiperekeza mpaka pamasitepe. Anamunyamula Kadontho kanthawi, anamukonza kolala ya diresi, n'kumubwezera kwa mayi ake. Ndinawafunsa ngati angapite okha kusitolo kwa asewere, atavala yunifolomu, akanene zimene anandiuza pawindo. Anati atsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo ali ndi ana a mchemwali wawo amene akuwaphunzitsa. Anati tiyende bwino.

Ndinabwererako kangapo ndekha. Dokotala anandilandira kamodzi, ataima, ndipo anabwereza zomwe zija ndi ulemu womwe uja. Ulendo wina mlonda wa pageti anandiuza kuti madala, nkhani yanu inatha, musamadzivutitse ndi dzuwali.

Katundu wa mwana wanga anabwera pa lole mvula itayamba, atamangidwa m'nsalu ziwiri. Anabweretsa ndi mnzake wa mkamwini, ndipo sanazimitse injini. Mwana wanga amagona m'chipinda chimene ndinkasungiramo matabwa, ndipo amasoka zovala za ana asukulu pa makina obwereka. Kadontho amalankhula ndi manja, m'njira imene anapangana ndi mayi ake. Mkamwini anakwatira mtsikana wa kutchalitchi kwa mayi ake. Dokotala uja anamukweza pa ntchito, tsopano amayenda m'zipatala kuphunzitsa kaperekedwe ka mankhwala kwa makanda. Asewere anga amauzabe anthu pa sitolo kuti kugontha kuli m'magazi a kwathu, ndipo kuchokera kuchipatala sikunabwere munthu kudzanena mwina.